Munthu Wachisanu wa Kamvulumvulu

Khu! Chitsulo chinakumana ndi chitsulo chinzake, ndipo ndisanazindikire chimene chachitika ndinali chagada pasimenti, maso akuyang'ana thambo, gudumu limodzi la chikuku changa likuzungulirabe lokha m'mwamba. Mpira ndinali nditaukumbatirabe pachifuwa.

"Mayo ine! Mwandiphera mwana!"

Anali achemwali anga a Pauline, akuthamanga kuchokera pansi pa mtengo wa mango pamene ankakonda kuima. Mwana ankamunenayo ndinali ine Elube, mzimayi wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, telala wa pakhonde ku Kawale.

Anock, amene anandigunda, anangoti kakasi, manja ali pamutu. "Pepani, Alongo. Ndimayesa mukhota."

Ndinafuna kumuyankha, koma chimene chinatuluka pakamwa panga chinali phwete. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, misozi ikutsikira m'makutu. Chiyambire pamene poliyo inandifooketsa miyendo ndili ndi zaka zinayi, panalibe munthu amene anandikankhapo, ngakhale mwamasewera. Anzanga akamasewera fulaye ine ndinkasunga masilipasi awo. Kutchalitchi ankandilankhula motsitsa mawu ngati ndili pamaliro. Aliyense ankandigwira ngati dzira. Tsono apa panali bambo wa mwendo umodzi amene anangoona munthu wonyamula mpira, n'kumugunda ndi mphamvu zake zonse.

"Mukusekanji? Wavulala mutu ameneyu!" anatero achemwali, akundipapasa kunkhongo.

"Ndidzutseni, Achemwali," ndinatero. "Ndikufuna kubwezera."

Umenewo unali mwezi wa Julaye, chaka cha 2006, Loweruka lachitatu chiyambire kukumana kwathu.

Amene anatisonkhanitsa anali a Gilford Kamtedza. Bambo amenewa kale ankayendetsa mathiraki opita ku Beira, mpaka tsiku lina thiraki inagubuduzika n'kuwathyola msana. Mwana wawo wamkazi, amene anali namwino ku Mangalande, anawaitanitsa kuti akalandire chithandizo. Miyendo sinabwerere, koma iwo anabwerera ndi mipira iwiri yosongoka uku ndi uku ngati papaya, kope lodzaza ndi malamulo olembedwa pamanja, ndi matenda atsopano amene ankawatcha ragibi ya pachikuku.

Kwa ine anabwera ngati kasitomala. Ankafuna ndiwasokere tinsalu tating'ono tomata pamapewa, tiwiri munthu aliyense. Anandifotokozera kuti pamasewerawo mnzako akakuzula kansalu ndiye kuti wakugwira, uyenera kuima. Ine ndinali kupukusa makina anga a pamanja, ndipo ndinaona kuti maso awo sali pansalu ayi.

"Mayi, mwakhala mukupukusa makinawa zaka zingati?"

"Zisanu ndi zinayi."

"Ndiye manja onsewa mukuwathera pa masiketi a anthu? Loweruka mubwere ku bwalo la netibolo la kuseri kwa tchalitchi. Mudzangoonerera."

Sindinangoonerera.

Madzulo a tsiku limene ndinagwalo, achemwali anandikankha ulendo wonse wobwerera kunyumba. Titafika anatenthetsa madzi, kuthiramo mchere, n'kuyamba kunditsuka chigongono chimene chinasupuka. Ankatikita mwaukali.

"Kumeneko sudzapitakonso."

"Ndidzapita."

"Elube, amayi anandigwira dzanja ili. Ili! Anati, 'Pauline, usadzamusiye mng'ono wako.' Ndiye ndikawayankha chiyani akamva kuti ndinkaonerera anthu akukuswa ngati nkhuni?"

Mawu a amayiwo ndinkawadziwa ngati pemphero. Makolo athu anachokera ku Chiradzulu kudzafuna ntchito mu Lilongwe, ndipo onse awiri anatisiya chaka chimodzi, cha 1998. Nthawi imeneyo achemwali anali wogoletsa wodziwika wa netibolo, wamtali, woti akatambasula dzanja mpira umachita kumumvera. Anasiya kusewera tsiku limene amayi anamwalira. Anayamba kugulitsa kaunjika mumsika, ndipo m'mawa uliwonse ankandikankha mpaka pakhonde langa, masana n'kubwera ndi chakudya, madzulo n'kudzanditenga. Panalinso a Yona, mphunzitsi wofatsa wa magalasi, amene anawafunsira banja. Achemwali anavomera ndi mtima koma anakana ndi pakamwa, chifukwa a Yona anali atasamutsidwira ku Kasungu. "Ndikapita, Elube atsala ndi ndani?" A Yona ankangobwera tchuthi chilichonse ndi thumba la mtedza, kukhala pampando maola awiri, n'kubwerera. Mtedzawo ine ndinkaudya ukundikakamira pakhosi.

"Ngati simundiperekeza ndidzapita ndekha," ndinatero.

Anapitiriza kutikita chigongono. Loweruka lotsatira anandiperekeza, atanyamula kachikwama ka mabandeji ndi botolo la jivi.

Masiku oyambawo tinali choseketsa cha Kawale yense. Anthu ankaima m'mbali mwa bwalo n'kumaitanizana, "Bwerani mudzaone olumala akulimbirana papaya!" Zikuku zathu zinali zolemera, za kuchipatala, zina zomangidwa ndi mawaya. Ukakhota mwamphamvu umagwa. Ukagundana ndi mnzako masipoko amathothoka. Koma tinali ndi Anock, wowotcherera zitsulo wa ku Mchesi, amene mwendo anausiya pangozi ya minibasi koma nzeru anatsala nazo zonse. A Gilford anamuonetsa chithunzi chimodzi chokha cha chikuku cha masewerawa. Iye anachiyang'ana, kuluma pensulo, n'kuyamba kutola mabedi akutha ndi mafelemu a njinga zakapalasa. Anapendeketsa magudumu kuti atambasukire pansi, n'kuika chitsulo chozungulira kutsogolo choteteza mapazi. Chikuku choyamba chinkangozungulira kumanzere ngati nkhuku yodwala chitopa. Chachitatu chinali mphepo yeniyeni.

Tinalinso ndi Salama, mzimayi wamng'ono thupi wa ku Mangochi amene ankagulitsa mayunitsi a foni pafupi ndi siteji ya minibasi. Pakamwa pake panali lumo, manja ake anali mphezi. Ndi iye amene anatipatsa dzina. Tsiku lina kamvulumvulu anadutsa pakati pa bwalo, kunyamula chipewa cha a Gilford n'kukachiponya padenga la tchalitchi.

"Onani! Ameneyo miyendo alibe, koma wachita zimene wafuna," anatero Salama. "Ndi mbale wathu ameneyo."

Kuyambira pamenepo tinakhala Kamvulumvulu wa Kawale. Ndinasoka malaya achikasu, ndipo tinsalu ta pamapewa tija tinkatitcha timichira.

Malamulo a Gilford ankatiphunzitsa mofuula, atatsamira kutsogolo pachikuku chawo. Anthu asanu mbali iliyonse. Mpira umapita kutsogolo uli pamiyendo pako, koma ukafuna kupatsira mnzako uyenera kuponyera kumbuyo. Akakuzulani timichira kasanu ndi kamodzi musanagoletse, mpira umapita kwa adani. Kugoletsa ndi kukaukhudzitsa pansi kuseri kwa mzere wawo, ndipo ndi mapointi anayi. Ukatero umapatsidwa mwayi woumenya ndi chibakera kuti udutse pamwamba pa mtanda wa golo, mapointi ena awiri. Munthu akadandaula kuti chala chaphwanyika, iwo ankangoti, "Walira mvula walira matope," n'kuyimba wezulo.

Koma timu siingasewere yokha. A Gilford anayamba kukwera minibasi Lachitatu lililonse kukaphunzitsa gulu lina ku Area 25, ndipo mu Disembala ophunzira awowo anabwera kudzatikwapula 36 kwa 4. Mapointi anayiwo ndinagoletsa ine. Ndinagona masiku atatu ndikumwetulira, ngati kuti tapambana. Chaka chotsatira tinawabwezera kwawo komweko, anthu awo akuonerera. Kenako kunabadwa timu ku Chinsapo, ndipo mbiri inafika mpaka ku Blantyre, kumene anyamata a ku Ndirande anapempha kuti awakopere kope la malamulo lija.

Zinthu zinayamba kusintha m'njira zimene sitinaziyembekezere. Ming'alu ya pabwalo tinaimata tokha, ndipo simenti itatsala Anock anamanga kanjira kotsetsereka pakhomo la tchalitchi, moti kwa nthawi yoyamba ndinalowa m'nyumba ya Mulungu popanda kunyamulidwa ngati thumba la chimanga. Makondakitala amene kale ankatiyang'ana n'kunena kuti "yadzaza" anayamba kufuula, "Kamvulumvulu, kwerani! Chikuku tiika kumbuyo!" Anthu aja ankabwera kudzaseka anapitiriza kubwera, koma tsopano ankadziwa mayina athu ndipo ankatukwana woyimbira. Zikhatho zanga zinauma ngati chikopa cha ng'oma. Ndinayamba kupita ndekha pakhonde langa, ngakhale kuti achemwali ankanditsatirabe kumbuyo, manja ali chire kudikira kuti mwina ndibwerera chambuyo pachitunda.

Zaka ziwiri zonsezo achemwali sanajombepo. Ankaima pansi pa mango paja ndi kachikwama kawo, osawomba m'manja, osaseka. Ndikagoletsa ankayang'ana ngati chigongono chili bwino.

Mu Seputembala 2008, mwini sitolo ina ya zitsulo anagula chikho, chachitali ngati mtsuko, kuti matimu anayi alimbirane. Masewero anachitikira pa bwalo la simenti la sukulu ina ku Biwi. Anthu anadzaza mpaka ena kukwera pampanda. Azimayi a mumsika anabwera ndi zitenje zachikasu, ndipo a Yona anali pomwepo, atabwera dala kuchokera ku Kasungu, kolala yomanga mpaka pakhosi padzuwa lonse lija.

M'mawa tinagonjetsa Chinsapo, ndipo Ndirande inagonjetsa Area 25. Koma chigonjetso chathu chinabwera ndi tsoka. Timu yathu inali ya anthu asanu ndi mmodzi. Mmodzi, Rodney, anali chigonere ndi malungo kuyambira Lachinayi. Tsono mphindi zomaliza za masewero a m'mawa, mnzathu wina dzanja linalowa m'masipoko n'kuguluka, ndipo anathamangira naye kuchipatala. Tinatsala anayi: ine, Salama, Anock, ndi Chisankho wosoka nsapato.

Woyimbira anabwera pamene tinasonkhana. "Abambo Kamtedza, malamulo mumawadziwa kuposa ine. Ikakwana thuu koloko mulibe munthu wachisanu, chikho chikupita ku Blantyre."

A Gilford sakanasewera, chifukwa msana wawo unali ndi zitsulo zimene dokotala anawaletsa kuzigwedeza. Anavula chipewa n'kupukuta thukuta.

"Lamulo limalola munthu woyenda bwinobwino kukhala pachikuku, bola timumange miyendo," anatero. "A Ndirande ali nawo awiri otero. Koma tingamupeze kuti munthu wodziwa malamulo pa ola limodzi?"

A Yona anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. "Ine ndingayese."

Tinawakhazika pachikuku cha Rodney. Anakankha gudumu limodzi kutsogolo, lina kumbuyo, n'kuzungulira pamalo amodzi kawiri, magalasi n'kugwa. Atayesanso anabwerera chambuyo mpaka kukagunda ndowa ya mzimayi wogulitsa thobwa. Salama anaphimba kumaso ndi mpango wake, mapewa akugwedezeka.

Pamenepo ndinatembenuka. Achemwali anali ataima pambali, akupinda bandeji yotsala.

"Achemwali," ndinatero.

"Chiyani?"

"Malamulo mumawadziwa. Mwaonerera zaka ziwiri. Ndipo pano palibe amene amawakha mpira kuposa inu."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ine? Ndikhale pamenepo miyendo ndili nayo? Ukufuna ndidziitanire tsoka? Amenewo ndi malodza, Elube."

"Mayi, chikuku si chifuwa chachikulu, sichipatsirana," anatero Salama. "Bwenzi inu mutatenga kale, zaka zonsezi mukuchigwira."

Anthu anaseka, koma achemwali sanaseke. Anayang'ana chikukucho, kenako a Gilford, kenako ine. Sindikudziwa chimene anaona pankhope panga. Anapatsira a Yona kachikwama ka mabandeji, kumanga chitenje mwamphamvu pamwamba pa buluku limene ndinawabwereka, n'kukhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wolowa m'madzi ozizira.

"Ndikafa mukauze abale ku Chiradzulu kuti wandipha ndi Elube," anatero, Anock akuwamanga lamba m'miyendo.

Anyamata a Ndirande anali zimphona. Woyang'anira timu yawo anali ndi mapewa ngati chitseko, ndipo akamabwera chikuku chake chinkalira ngati ngolo. Wezulo italira, ndinazindikira msanga kuti tili pamavuto, ndipo vutolo silinali manja a achemwali. Kukankha anakuphunzira mofulumira, ngakhale ankapita mokhotakhota. Vuto linali lakuti kulikonse ndapita, iwo ali pambali panga. A Gilford anawaika kumapeto a kumanja, koma chimphona chija chikangondiyang'ana, achemwali ankasiya malo awo n'kubwera kudzatchinga pakati pa ine ndi iye. Kumanjako kunkatsala pululu, ndipo a Ndirande anadutsa pomwepo kawiri ngati akupita kumsika. Popita kokapuma zinali 12 kwa 4.

Tinasonkhana pamthunzi wa mpanda. A Gilford anatsegula pakamwa, koma ndinawatsogolera.

"Achemwali, mundisiye."

"Sukumuona munthu uja? Akakugunda ameneyo tikakutola ku Mchesi."

"Andigunde! Ndimagwa Loweruka lililonse, ndipo ndimadzuka. Inu malo anu ndi uko. Mukapitiriza kundilondera tiluza, ndipo tiluza chifukwa cha inu."

Sindinayambe ndawalankhulapo choncho. Anock anayamba kuyang'ana matayala ake. Maso a achemwali anafiira.

"Amayi anati..."

"Amayi anasiya mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu amene sankatha kukwera chitunda cha kumsika. Tandigwirani apa." Ndinatenga dzanja lawo n'kuliika pamkono panga. "Finyani. Ameneyu ndi munthu wofuna mlonda?"

Anafinya. Zala zawo zinali zitayamba kale kuchita matuza. Wezulo inalira.

Chigawo chachiwiri anakhala kumanja kuja. Ndinkawaona m'ngodya ya diso, khosi litatembenukira kwa ine, milomo ikuyenda ngati akupemphera, koma magudumu sanachoke pamalo. Mnyamata wa Ndirande atayesa kudutsanso pomwepo, dzanja lalitali lija la netibolo linatambasuka n'kuzula kamchira kake ngati likuthyola chisoso. Bwalo lonse linaphulika. Achemwali anakayang'ana kansaluko m'manja mwawo modabwa, kenako anakakweza m'mwamba.

Salama anadutsa pakati pa zimphona ziwiri ngati singano n'kugoletsa, Anock n'kumenya chibakera chake: 12 kwa 10. A Ndirande anabwezera, zinakhala 16 kwa 10. Anock anagoletsa pakona, koma chibakera chinaphonya: 16 kwa 14. Dzuwa linali litapendeka, fumbi lili kobo, azimayi a mumsika mawu atasasa. A Gilford anakweza zala ziwiri. Mphindi ziwiri.

Mpira unali wathu, ndipo anali atatizula kale kasanu. Mwayi unatsala umodzi. Chisankho anandiponyera. Ndinauika pamiyendo n'kukankha ndi mphamvu zonse za zaka zanga zopukusa makina, kulunjika pakati, pamene panali chimphona chija. Ndinafuna andione. Anandiona. Mnzake wa kumbali nayenso anasiya malo ake kudzathandiza, chifukwa onse ankadziwa kuti Elube akagwira mpira sapatsira. Nditatsala pang'ono kuwafika ndinatembenuza thupi n'kuponyera kumbuyo, kumanja, kutali, mpira wokwera umene munthu wamba sakanaufikira.

Achemwali anauwakha ndi dzanja limodzi.

Zimene zinatsatira ndinaziona chopendekera, chifukwa zimphona zija zinalephera kuima ndipo zinandigunda zonse ziwiri. Ndinagwa cham'mbali, tsaya lili pasimenti yotentha. Woyimbira sanayimbe, poti mpira unali utachoka kale m'manja mwanga. Pakati pa masipoko ndinaona achemwali ali ndi mpira pamiyendo, kutsogolo kwawo kuli mbee mpaka pamzere. Koma anali ataima. Ankayang'ana ine. Ndinaona dzanja lawo likupita pa lamba wa m'miyendo, kuyamba kumasula.

"Pitani!" ndinakuwa, mchenga uli m'kamwa. "Achemwali, pitani!"

Bwalo lonse linalandira mawuwo. "Pitani! Pitani!" Ngakhale a Yona, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu, anali atakwera pa benchi akuzunguza kachikwama ka mabandeji m'mwamba.

Achemwali anatembenuza nkhope. Anagwira magudumu. Chikuku chinanyamuka mokhotakhota, kumanzere, kumanja, ngati woledzera wothawa galu, ndipo mnyamata wa Ndirande anali akubwera chamumbali liwiro la mtondo wadooka. Anakumana pamzere penipeni. Phazi la achemwali, limene linali litatuluka chifukwa cha lamba womasuka uja, linapanikizika pakati pa zitsulo. Ndinamva kukuwa kwawo. Koma thupi lalitali lija linawerama, dzanja linatambasuka, ndipo mpira unakhudza pansi kuseri kwa mzere.

18 kwa 16. Wezulo yomaliza inalira.

Sindikumbuka amene anandidzutsa. Ndikukumbuka nthungululu, zitenje zachikasu zikuuluka, a Gilford akulira poyera ngati mwana chipewa chili pankhope, ndi chimphona chija chikundigwira chanza n'kunena kuti, "Alongo, mwatipusitsa bwino." Nditafika pamene panali achemwali ndinapeza akuseka ndi kulira nthawi imodzi, phazi litayamba kale kutupa.

"Wavulala?" anandifunsa.

"Ayi. Inu?"

"Kwambiri," anatero, n'kuyambanso kuseka. "Elube, n'chifukwa chiyani sunandiuze kuti zimakoma chonchi?"

Namwino wina amene anali m'gulu la oonerera analipapasa phazilo n'kunena kuti fupa lili bwino, kungoti asaliponde masiku angapo. A Yona anagwada pansi n'kuyamba kulimanga ndi bandeji ya m'kachikwama kaja, mosamala ngati akukutira buku latsopano. Achemwali ankawayang'ana pamutu, pamene tsitsi linali litayamba kuchepa.

"A Yona."

"Mayi."

"Nyumba ya ku Kasunguyo ili ndi masitepe angati pakhomo?"

"Atatu."

"Mukawagumule. Mng'ono wanga azidzabwera kudzationa."

A Yona anasiya kumanga. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, kuwavala, kuwavulanso. Salama ndiye anayambitsa nthungululu zachiwiri.

Ukwati unachitika mu Disembala chaka chomwecho, ndipo diresi ndinasoka ine. Kamvulumvulu anatenganso chikho chaka chotsatira, ndipo pamene ndinkasiya kusewera timu inali ndi anthu oposa makumi awiri, ena mwa iwo atsikana amene makolo awo kale ankawabisa kuseri kwa nyumba alendo akabwera. Koma anthu akandifunsa za masiku amenewo, chimene chimabwera m'maso mwanga ndi ulendo wobwerera kunyumba madzulo a tsikulo.

Achemwali sakanatha kuyenda. Kudzikankha okha sakanathanso, chifukwa zikhatho zinali matuza okhaokha. A Yona anati akafune njinga yakabaza. Ndinawauza kuti asavutike. Ndinabweza chikuku changa chambuyo mpaka chinagunda cha achemwali.

"Kolowekani manja apa," ndinatero.

"Ungandithe? Ndine wolemera, iwe."

"Kolowekani."

Salama anawaikira chikho pamiyendo. Anock anagwira kumbuyo kwa chikuku chawo kuti chisapatuke, Chisankho ndi a Gilford n'kutsatira, ndipo tinatuluka pageti la sukulu titandandalika ngati sitima, azimayi a mumsika akuyimba m'mbali, minibasi zikuliza mahutala. Pachitunda ndinakoka mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Kenako msewu unayamba kutsetserekera ku Kawale, magudumu anayamba kuyenda okha, mphepo inadzaza malaya anga achikasu.

"Elube! Pang'onopang'ono! Elube, tigwa!"

Ndinacheuka. Mpango unali utawathawa kumutu. Phazi la bandeji linali litaloza kutsogolo, chikho chikugunda mawondo awo, ngwe, ngwe, ngwe, maso atatsinzina, kukamwa kuli yasa ndi chikhakhali. A Yona ankathamanga kumbuyo kwathu, nsapato imodzi ya achemwali ili m'manja.

Ndinachotsa manja pamagudumu.